Mvula Yoyamba ndi Chonde Chothawira Kunyanja

Mawu amene adalankhulidwa pa msonkhano wa chitukuko wa anthu a m'mawodi a m'mbali mwa mtsinje wa Likangala, m'boma la Zomba, pokonzekera dzinja.



Nkhani ya lero ndi ya mvula yoyamba. Aliyense amaidikira ndi mtima wonse, ndipo ikagwa mudzi wonse umapuma. Makolo adaipatsa mayina oyenera kuwasinkhasinkha. Adaitcha chizimalupsa, poti imazima moto wa m'tchire. Adaitchanso kokalupsa, poti imakoka phulusa ndi zinyalala za pamtunda n'kupita nazo kumtsinje. Dzina lachiwirili ndilo lasenza nkhani yonse, pakuti chimene mvulayi imakoka si phulusa lokha. Imatenganso mchere wa m'nthaka wotchedwa fosiforasi, umene mlimi amaugula ndi ndalama zambiri. Nthawi imene dothi louma kwambiri lanyowa mwadzidzidzi ndi imodzi mwa nthawi zimene mcherewu umamasuka ndi kutayika mosavuta. Ukachoka m'munda, mlimi wakumtunda amaluza. Ukafika m'madzi mopitirira muyezo, msodzi ndi mayi wotunga madzi kumunsi amavutika.

Mchere umene uli m'thumba la chitowe

Mbewu iliyonse imafuna michere itatu ikuluikulu: nayitirojeni, fosiforasi ndi potaziyamu. Manambala atatu olembedwa pa thumba la feteleza wokulitsa amaimira michere imeneyi motsatana. Pa thumba lolembedwa 23:10:5, nambala yapakati ndiyo ya fosiforasi, ndipo ikutanthauza kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 5 a fosifeti. Feteleza wakale uja wa 23:21:0, amene ambiri adamuzolowera ndi dzina loti chitowe, adali ndi wochuluka kuposa pamenepa.

Ntchito ya fosiforasi ndi kukhazikitsa mizu, kulimbitsa mbewu ikadali yanthete, ndi kuthandiza maluwa ndi njere. Chimanga chimene chausowa chimapinimbira, masamba ake amafiirira m'mphepete, ndipo chimachedwa kukhwima. Nyemba, soya ndi mtedza nazo sizichita bwino popanda mcherewu.

Fosiforasi wa mu feteleza amachokera ku miyala yokumbidwa pansi, ndipo dziko la Morocco ndilo lili ndi miyala yotere yochuluka kuposa dziko lina lililonse. Kuno kwathu miyala ya fosifeti ilipo pa phiri la Tundulu m'boma la Phalombe, kumwera kwa nyanja ya Chilwa, koma fosiforasi amene alimi amathira m'minda amachita kuitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kotero kachidutswa kalikonse kokokoloka ndi ndalama ya banja ndiponso ya dziko.

Mcherewu uli ndi khalidwe lakelake. Suuluka n'kupita mumlengalenga monga amachitira nayitirojeni wa mu yureya. Umakakamira ku timibulu ta dothi, makamaka dothi lofiira la katondo limene lili ndi chitsulo chambiri. Wina umakhala m'zinyalala zowola, ndipo wina umasungidwa m'matupi a tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timakhala m'dothi mwa miyandamiyanda n'kumawoletsa masamba ndi manyowa. Wochuluka wa iwo umakhala m'dothi lapamwamba, lomwe khasu limafika. Njira yake yaikulu yochokera m'munda ndi madzi: kaya utasungunuka, kaya utakwera pa matope.

Zimene zimachitika dothi likauma n'kunyowanso

Kuchokera mu Meyi mpaka mu Okutobala minda ya kuno imakhala miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi yopanda mvula yodalirika. Pofika nyengo yotentha dothi lapamwamba limakhala litauma gwa. Mvula yamphamvu ikagwa pa dothi lotere pamachitika zinthu zinayi.

Choyamba chimakhudza tizilombo ta m'dothi tija. Tambiri timafa ndi kuuma. Timene tapirira timatsala ndi madzi ochepa kwambiri m'matupi mwake. Madzi akafika mwadzidzidzi amalowa m'matupimo mofulumira, ndipo tambiri timaphulika, monga momwe khungu la nyemba youma limang'ambikira ikafufuma m'madzi. Fosiforasi yense amene adali m'kati mwake amatayikira m'madzi a m'dothi nthawi imodzi.

Chachiwiri ndi kuphwanyika kwa zibuma. Aliyense amene adaumbapo zidina akudziwa zimene zimachitika njerwa yosaotcha ikagwera m'madzi: imatulutsa thovu n'kumwazika. Mpweya umene udali m'timipata ta dothi umafinyidwa ndi madzi olowa mwaliwiro, n'kuphwanya chibumacho kuchokera m'kati. Wofuna kudzionera yekha atenge zibuma ziwiri za m'munda umodzi, china chouma, china chachinyontho, aziike m'beseni la madzi. Chouma chija ndicho chimayamba kusweka ndi kudetsa madzi. Chibuma chikaphwanyika, fosiforasi amene adabisika m'kati mwake amakhala poyera, ndipo timibulu tosalala kwambiri, timene timanyamula fosiforasi wochuluka, ndito timayamba kutengedwa.

Chachitatu ndi njira imene madzi amadzera. Pa dothi lopanda chophimba, madontho a mvula amamenya pansi mwamphamvu, timibulu tophwanyika tija timatseka timabowo, ndipo pamwamba pamachita chikhakha. Madzi amalephera kulowa, amathamanga pamtunda. Ku dothi la makande la m'madambo ndi m'zigwa nkhani ndi ina: chilimwe chimasiya ming'alu yakuya, ndipo madzi oyamba amatsikira m'ming'alumo osasefedwa ndi dothi, n'kukatulukira m'ngalande ali ndi mchere wawo.

Chachinayi ndi nthawi. Fosiforasi womasukayu akadakhala mphatso kwa mbewu, koma pa tsiku la mvula yoyamba m'munda mulibe mizu yoti imulandire. Chakudya chimapsa alendo asanafike. Mbewu zikamamera patatha sabata, gawo lina latengedwa kale ndi madzi, ndipo lina lagwidwanso ndi dothi.

Zimenezi akatswiri adaziyesa. M'chaka cha 1958 katswiri wa za nthaka, H. F. Birch, amene ankagwira ntchito ku Kenya, adaonetsa kuti dothi louma likanyowetsedwa zinyalala zimawola mofulumira ndipo michere imamasuka mwadzidzidzi kwa masiku ochepa. Mpaka lero akatswiri amatcha mchitidwe umenewu ndi dzina lake. M'chaka cha 2001 akatswiri ena awiri, Benjamin Turner ndi Philip Haygarth, adayesa dothi lochokera m'malo 29 odyetserako ziweto ku England ndi Wales. Adapeza kuti akaliumitsa n'kulinyowetsanso mofulumira, fosiforasi wosungunuka m'madzi ankachuluka pafupifupi katatu m'dothi lina, ndipo m'dothi lina mpaka ka 20. Wochuluka wa iye adali wochokera m'zamoyo, ndipo ankachuluka kwambiri m'dothi limene lidali ndi tizilombo tambiri.

Dothi la ku England si la ku Zomba. Dothi lofiira la kuno limagwira fosiforasi mwamphamvu, kotero wambiri amene wamasuka amakakamiranso ku timibulu ta dothi pasanapite nthawi. Izi zikutanthauza kuti m'minda ya m'mapiri ndi m'malo otsetsereka fosiforasi wambiri amachoka atakwera pa matope. Madzi ofiira amene amadzaza Likangala, Domasi ndi Thondwe mvula ikangoyamba ndiwo umboni wake. Ku dothi lamchenga, limene siligwira mchere kwenikweni, ndi ku makande ong'ambika, wosungunuka amatayikanso wambiri. Mfundo ziwiri zimagwira ntchito ponseponse: dothi likauma kwambiri, zomasuka zimachuluka, likanyowa mwadzidzidzi, zotayika zimachuluka kuposa pamene lanyowa pang'onopang'ono.

Ng'amba yapakati pa dzinja

Kuuma ndi kunyowanso sikuchitika mu Novembala mokha. Zaka zino mvula imadula pakati pa dzinja, mbewu zili m'munda. Anthu akukumbukira ng'amba ya kumayambiriro kwa chaka cha 2024, imene idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Akukumbukiranso namondwe wa Freddy amene adagwetsa mvula yoopsa m'chigawo chakumwera mu Malichi 2023. Nyengo yosinthasintha chonchi, ya dzuwa lalitali lotsatizana ndi mvula yamkuntho, ndiyo imachulukitsa kuuma ndi kunyowanso kwa dothi m'chaka chimodzi.

Ng'amba yapakati pa dzinja ndi yoopsa mwapadera chifukwa imapeza feteleza ali kale m'munda. Ngati adangowazidwa pamwamba osakwiriridwa, amakhala pomwepo osasungunuka, kudikira madzi. Mvula yamphamvu ikabwera, amasungunuka n'kutsagana ndi madzi othamanga mizu isanamulawe. Mlimi amadabwa kuti adathira feteleza koma chimanga chikuoneka ngati sichidalandire kanthu.

M'madambo ndi m'minda ya mpunga

M'malo amene madzi amaima muli njira inanso. Chitsulo cha m'dothi chimagwira fosiforasi pokhapokha m'dothimo muli mpweya wabwino. Madzi akaima kwa masiku angapo mpweyawo umatha, chitsulocho chimasintha n'kuyamba kusungunuka, ndipo fosiforasi amene chidagwira amamasuka. Ichi n'chifukwa chake mpunga wa m'madzi nthawi zambiri umapeza fosiforasi mosavuta kuposa chimanga cha kumtunda. Koma n'chifukwa chakenso madzi otuluka m'minda ya mpunga, monga ya m'masikimu a Likangala ndi Domasi, angathe kunyamula mchere wambiri ngati atsegulidwa pa nthawi yolakwika. Munda umene udauma mpaka kung'ambika, kenaka n'kudzazidwa madzi mwaliwiro, n'kuthiridwa feteleza, madzi ake n'kutayidwa mawa lake, wapereka chakudya chake kwa ngalande.

Kumene madziwo amathera

Mitsinje ya dera lino imathira mu Chilwa, nyanja yachiwiri kukula m'Malawi. Nyanjayi ndi yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amachoka pouma ndi dzuwa, koma fosiforasi sauma nawo; amatsalira m'matope a pansi pa nyanja chaka ndi chaka.

Alimi a nsomba a m'madamu amadziwa bwino mphamvu ya michere m'madzi. Amathira manyowa m'damu mwadala kuti madzi abiriwire, popeza timbewu ting'onoting'ono tobiriwitsa madzito ndito chakudya cha makumba ndi chambo. Koma amathira ndi muyezo, ndipo amadziwa kuti akapyola malire nsomba zimapezeka zikupuma pamwamba m'mamawa, zina zitafa. Zimene zimachitika m'damu zimachitikanso m'dziwe, m'thamanda ndi m'nyanja, kungoti kumeneko kulibe woyeza. Fosiforasi wochepa, amene m'munda sangaoneke ngati kanthu, amakwanira kuchulukitsa ndere ndi zomera za m'madzi monga namasupuni. Ndere zikafa zimawola, ndipo kuwolako kumamaliza mpweya umene nsomba zimapuma. Mitundu ina ya ndere imatulutsa poizoni wovulaza ziweto ndi anthu, ndipo poizoniyo satha ndi kuwiritsa madzi.

Nyanja ya Chilwa nayo imauma n'kunyowanso, monga dothi la m'munda. Idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu lidasanduka bwalo la ming'alu, mabwato a pa Kachulu atakhala pamtunda. Madzi akabwerera, matope ouma aja amatulutsa michere imene adasunga. Pa muyezo wachilengedwe zimenezi zimathandiza, chifukwa chakudya cha nsomba chimachuluka ndipo matemba, makumba ndi milamba zimabwerera msanga. Koma matope okokoloka kumtunda akamaunjikana chaka chilichonse, nyanja imanka ikukwiririka, imachita changu kuphwa, ndipo michere yosungidwa pansi pake imanka ichuluka. Munda wa m'mphepete mwa phiri la Zomba ndi ukonde wa msodzi wa pa chilumba cha Chisi n'zolumikizana ndi mtsinje umodzi.

Zimene mlimi angachite mvula isanagwe

Palibe amene angaletse chilimwe, ndipo walira mvula walira matope. Chimene chili m'manja mwa anthu ndi kuchepetsa kuuma kwa dothi lapamwamba, kuchedwetsa madzi, ndi kuonetsetsa kuti mchere womasuka ukhale m'munda mpaka mizu ifike.

Ntchito yoyamba ndi kuphimbira. Mapesi, masangwi a mtedza ndi udzu zikasiyidwa pamwamba pa munda, dothi silitentha kwambiri ndipo siliuma msanga, kotero tizilombo tambiri timapulumuka. Mvula ikagwa imayamba yamenya mapesiwo, madzi n'kumalowa pang'onopang'ono. Uku ndiko kunyowa kumene sikuphwanya zibuma. Ulimi wa mtayakhasu umene alangizi amaphunzitsa wakhazikika pa mfundo imeneyi.

Yachiwiri ndi kuleka kutentha minda. Mapesi akapsa, nayitirojeni wambiri amapita ndi utsi, ndipo fosiforasi amatsalira m'phulusa lopepuka limene mphepo ndi madzi oyamba zimanyamula mosavuta. Moto wosakira mbewa kapena wososera umasiya dothi lili pamtetete pa nthawi imene likufunika chofunda koposa. Apa mafumu ali ndi mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'mudzi ndi kuwatsata.

Yachitatu ndi mizere. Mizere itsate akalozera, yopingasa chitunda, osati yolozetsa kumtsinje. Ngonyeka pakati pa mizere zimasunga madzi oyamba pamalo pomwe agwera, ndipo fosiforasi womasuka amalowa pansi n'kugwidwa ndi dothi la m'munda womwewo. Udzu wa vetiva wobzalidwa pa akalozera umasefa matope. Zigwembe zitsekedwe ndi miyala, zikhomo ndi nsungwi zisanakule. Zonsezi zimafunika zikhale zitatha mvula yoyamba isanagwe, pakuti mzere wokonzedwa mu Disembala sungabweze zimene zidapita mu Novembala.

Yachinayi ndi kathiridwe ka feteleza. Wokulitsa athiridwe mbewu zikangomera, pa dothi lachinyontho, m'kadzenje pambali pa phando, ndipo akwiriridwe. Asawazidwe pamwamba pa dothi louma, ndiponso asathiridwe kumwamba kukuoneka kuti kugwa chimvula. Kubzala ndi mvula yoyamba yokwanira kumathandizanso, popeza mizu imafika msanga pa michere imene kunyowako kwamasula.

Yachisanu ndi manyowa. Manyowa ndi abwino, ndipo dothi limene lili ndi zowola zambiri limakhala ndi zibuma zolimba zosaphwanyika wamba. Koma mulu wa manyowa umene wauma padzuwa chilimwe chonse, uli m'njira ya madzi, umatulutsa msuzi wakuda wodzaza fosiforasi mvula ikaugwera. Mulu ukhale pamthunzi, wophimbidwa, kutali ndi khwawa, ndipo popita nawo kumunda ukwiriridwe m'mizere kapena m'mapando. Makola a ziweto, maenje a zinyalala ndi zimbudzi nazo zisakhale m'mphepete mwa mtsinje.

Alimi a m'madimba azithirira pafupipafupi ndi madzi okwanira, kusiyana ndi kulekerera dothi kuti ling'ambike kenaka n'kulimiza. Alimi a mpunga alowetse madzi pang'onopang'ono m'munda wouma, akonze migula kuti isadonthe, ndipo akathira feteleza atseke potulukira madzi kwa masiku angapo.

Ntchito ya mudzi wonse

Pali zina zimene banja limodzi silingathe palokha, pakuti mutu umodzi susenza denga. M'mphepete mwa mtsinje muyenera kutsala lamba wa zomera: bango, nsenjere, nsungwi, mikuyu ndi katope. Lamba ameneyu ndiye sefa yomaliza matope asanalowe m'madzi, ndipo mizu yake imakhalapo chaka chonse, yokonzeka kumwa mchere umene mvula yoyamba yamasula. Kulima mpaka m'gombe ndiko kuchotsa sefayo. Chimodzimodzinso njedza ndi bango zozungulira nyanja ya Chilwa: zimagwira matope ochokera m'mitsinje, ndipo ndimo nsomba zimaswera ndi kubisala. Kuzitentha m'chilimwe kumatsegula khomo limene chilengedwe chidatseka.

Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera akupemphedwa kuti poika zofunika m'mapulani awo asaone ntchito zosamalira nthaka ngati zotsalira pambuyo pa milatho ndi midadada ya sukulu. Ntchito za mthandizi zokumba ngalande zosunga madzi, zotseka zigwembe ndi zobzala vetiva zilunjike kumtunda kwa makhwawa, kumene madzi amayambira liwiro, ndipo zichitike m'chilimwe. Makomiti a zachilengedwe a kumtunda ndi makomiti a asodzi a m'madoko azikumana, popeza vuto lawo ndi limodzi ngakhale amalionera mbali zosiyana.

Pali chinthu chimodzi chimene wodi iliyonse ingachite chaka chino popanda ndalama. Pa tsiku la mvula yoyamba yamphamvu, anthu atunge madzi othamanga m'mabotolo awiri oonekera m'kati: lina kumunsi kwa munda wophimbidwa wokhala ndi ngonyeka, lina kumunsi kwa munda wotenthedwa. Mabotolowo akhale usiku umodzi osagwedezeka. Matope amene adzadikhe pansi pa botolo lililonse adzaonetsa munda umene wasunga chonde chake ndi umene wachipereka kwa mtsinje. Mabotolowo apite ku msonkhano wa mudzi, aliyense aone.

Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka. Fosiforasi amene walowa mu Likangala sabwereranso m'munda umene adachokera, ndipo mwini munda adzayenera kugula wina pa mtengo wa chaka chamawa. Masabata amene atsala mitambo isanasonkhane ndiwo nthawi yoyala mapesi, yokonza akalozera, yophimba manyowa ndi yozimitsa moto wa m'minda, kuti kokalupsa wa chaka chino apeze zochepa zoti akoke.